Banga lakuda pakhungu: fufuzani gwero lake musanagule mafuta

Banga lakuda likatuluka pamasaya kapena pakhosi, ambiri timathamangira kufunsa kuti tidzolepo chiyani. Funso loyenera kutsogola n'lakuti chadetsa pamenepa n'chiyani, pakuti mawanga amene amaoneka ofanana pagalasi amachokera kosiyanasiyana. Lina latsala pamene panali chiphuphu, lina labwera ndi pakati, lina likuchenjeza za matenda a shuga, ndipo lina, ngakhale si kawirikawiri, ndi khansa imene ikungoyamba. Botolo limodzi silingathane ndi zonsezi. Choipa kwambiri n'chakuti ena mwa mafuta a pamsika amatenga banga limene likanatha lokha m'miyezi ingapo n'kulisandutsa la moyo wonse.

Mtundu wa khungu umachokera ku utoto wotchedwa melanin, umene umapangidwa ndi timaselo tapadera ta m'khungu momwemo. Munthu wakuda ndi mzungu ali ndi timaseloti tochuluka mofanana, kungoti tathu timagwira ntchito mwamphamvu. Ndi mwayi, chifukwa utotowo umatitchinga ku dzuwa. Koma timaselo tomweti sitichedwa kuputika. Khungu likatupa, likapsa, likakandidwa kapena likakhulidwa, timathira utoto wochuluka pamalopo, ndipo utotowo umatsala chilonda chitapola kalekale. Mukagwira mfundo imeneyi, malangizo ambiri otsatirawa mutha kuwalota nokha: chilichonse chopweteka khungu chimalidetsa, ngakhale chitakhala chinthu chimene mwagula kuti chiliyeretse.

Mawanga otsalira

Ochuluka mwa mawanga amene timadandaula nawo ndi a mtundu umenewu. Pankhope gwero lake lalikulu ndi ziphuphu. Chiphuphu chimapola m'sabata imodzi, koma kadontho kake kamakhala miyezi, makamaka ngati munachifinya ndi zikhadabo. Kulimbana ndi madontho ziphuphu zikutulukabe n'kutaya ndalama, chifukwa akamafufuma akale, atsopano amakhala akubwera. Yambani ndi ziphuphuzo. Mankhwala odzola a benzoyl peroxide kapena adapalene amathandiza ambiri, ndipo zikakula dokotala amawonjezera mapiritsi monga doxycycline kwa miyezi yowerengeka. Ngati tiziphuphu tangoundana pamphumi m'mbali mwa tsitsi, kayikirani mafuta a m'mutu amene amatsetserekera kumaso mukatuluka thukuta.

Kwa abambo, kuda kwa kuchibwano ndi pakhosi nthawi zambiri kumayamba ndi lezala. Ndevu zathu n'zopotana, ndiye zikametedwa mpaka kufika pakhungu penipeni, zimamera mopindikira m'kati n'kuyambitsa totupa. Metani ndi mashini n'kusiyako pang'ono, kapena lekani kumeta kwa mwezi wathunthu kuti khungu lipume.

Kwa ana ndi kumiyendo. Udzudzu waluma, mwana wakanda, patuluka chilonda, patsala banga. Mphere ndi katsabola zimasiyanso zomwezo. Apa mankhwala ake ndi neti, kuwenga zikhadabo, ndi kupita kuchipatala msanga kuyabwa kukayamba. Ikakhala mphere, anthu onse a m'nyumbamo apake mankhwala tsiku limodzi, zofunda zichapidwe n'kuyanikidwa padzuwa. Mawanga a mwana amatha okha akamakula. Musamudzoze chilichonse choyeretsa.

Utoto ukakhala pamwamba, banga limaoneka lofiirira ndipo limafufuma m'miyezi 6 mpaka 12. Ukalowa pansi, limaoneka lotuwira ngati likupita ku buluu, ndipo limatha kutenga zaka. Palibe mafuta oona amene amafufuta banga m'masiku asanu ndi awiri. Amene amatero muli chinthu chimene chikukubisirani mtengo wake weniweni.

Pali mtundu winanso umene timauona m'nyengo yozizira, mu June ndi July: mizere yakuda yolukanalukana kutsogolo kwa miyendo, kwa anthu okonda kuwotha moto kapena mbaula pafupi kwambiri. Sunthani mpando, mizereyo idzafufuma pang'onopang'ono.

Zigamba za m'masaya

Izi madokotala amati melasma. Zimatuluka mbali zonse ziwiri za nkhope mofanana, pamasaya, pamphumi, pamphuno ndi pamwamba pa mlomo. Sizimayabwa, sizimapweteka, sizimatuwa. Zimakonda amayi, makamaka akakhala oyembekezera kapena akamamwa mapiritsi a kulera, ndipo zimayenda m'magazi: ngati mayi anu anali nazo, musadabwe. Amuna nawonso amakhala nazo, ngakhale ndi ochepa.

Za pakati nthawi zambiri zimafufuma zokha m'chaka choyamba mayi atachira, choncho palibe chothamangira. Ngati mukuganizira mapiritsi a kulera, musangowasiya. Kambiranani ndi a zakulera kuti akusankhireni njira ina. Chimene muyenera kudziwa za melasma n'chakuti imagonja koma imabwerera. Miyezi itatu ya mankhwala imatha kufafanizika ndi masiku ochepa a dzuwa la October. N'chifukwa chake dokotala woona amayamba ndi nkhani ya mthunzi asanalembe chilichonse, ndipo odwala ambiri amatuluka atakhumudwa poganiza kuti sanathandizidwe.

Pamene khungu likunena za m'thupi

Khosi lakuda, lokhuthala, lofewa ukalikhudza, pamodzi ndi m'khwapa ndi m'mphechepeche, ambiri amati ndi litsiro. Ana onenepa amakalipiridwa kuti sasamba, n'kukhulidwa ndi chinkhupule mpaka kulira. Si litsiro ayi. Ndi chizindikiro chakuti thupi layamba kuvutika kugwiritsa ntchito insulin, ndipo matenda a shuga angakhale ali panjira kapena afika kale. Kayezetseni shuga. Thupi likatsika ndiponso shuga akakhala m'malo mwake, khosilo limayamba kuyera lokha.

Palinso matenda a pellagra, amene ife odya nsima sitiyenera kuwaiwala. Amayamba thupi likasowa niacin, vitamini imene ilimo m'chimanga koma yomangika moti thupi silitha kuitenga. Khungu limada, kukhakhala ndi kusweka m'malo okhawo owombedwa ndi dzuwa: kuseri kwa manja, pamwamba pa mapazi, ndi kuzungulira khosi ngati mkanda. Kenako munthu amatsegula m'mimba, mutu n'kuyamba kusokonezeka. Mu 1990 matendawa anagwira anthu oposa 18,000 mwa othawa nkhondo a ku Mozambique amene ankakhala m'Malawi, pamene mtedza unasowa pa chakudya chimene ankalandira. Anabukanso ku Kasese m'boma la Dowa mu 2015 ndi 2016. Amene ali pachiopsezo kwambiri ndi odya nsima yopanda ndiwo zokwanira, omwa kachasu kwambiri, ndi ena mwa omwa isoniazid, mankhwala a TB. Pellagra imachira msanga ndi mapiritsi a nicotinamide, ndipo mtedza, usipa, nyemba ndi nyama zimaiteteza. Mafuta odzola alibe nayo ntchito.

Mankhwala ena amasiya banga lozungulira, lakuda bii, kawirikawiri pamlomo, padzanja kapena kumaliseche. Chizindikiro chake n'chakuti nthawi iliyonse mukamwa mankhwalawo, pamalo omwewo pamayabwa, kutupa, n'kuderatu kuposa kale. Bactrim ndi Fansidar ndi ena mwa odziwika pa khalidwe limeneli, pamodzi ndi mapiritsi ena opha ululu. Clofazimine, amene amaperekedwa pa khate ndi pa TB yosamva mankhwala, amadetsa thupi lonse, koma mtundu umabwerera pang'onopang'ono munthu akamaliza. Mukaona zotere kauzeni amene anakupatsani mankhwalawo. Amene mumamwa tsiku ndi tsiku monga ma ARV kapena a TB musawasiye panokha.

Tsono pali mawanga amene safuna kudikira malipiro a mwezi. Zigamba zakuda mofiirira, zolimba kapena zotukuka, kumiyendo, kumapazi kapena m'kamwa kumwamba, mwina mwendo n'kutupa, zikhoza kukhala khansa ya Kaposi, imene ndi yofala kuno kwathu makamaka kwa amene chitetezo cha m'thupi chatsika. Banga la kuphazi, m'chikhatho kapena pansi pa chikhadabo limene likukula, losalingana m'mphepete, lamitundu ingapo kapena lotuluka magazi, likhoza kukhala melanoma. Imeneyi ndi khansa imene inapha Bob Marley mu 1981, ndipo inayambira pansi pa chikhadabo cha chala chakuphazi. Chigamba choyererako chimene sichimva mukachikhudza ndi thonje chingakhale khate, limene limachira ndithu likapezeka msanga. Ndipo ngati thupi lonse likuda, m'mizere ya m'zikhatho ndi m'nkhama momwe, munthu n'kumafooka ndi kuwonda, kumeneko n'kwa dokotala lero lomwe.

Mafuta oyeretsa khungu

Si onse odzola mafutawa amene anayamba ndi cholinga choyera. Ambiri anayamba ndi madontho awiri atatu a ziphuphu, mnzawo n'kuwapatsa kachubu. Sabata ziwiri zoyamba nkhope imasalala, anthu n'kumayamikira. Msampha uli pamenepo.

M'mafutawa mumapezeka zinthu zitatu, pachokha kapena zosakaniza. Choyamba ndi mankhwala a gulu la steroid, monga clobetasol amene ali mu Movate ndi Dermovate, kapena betamethasone wa mu Diproson. Awa ndi mankhwala enieni a matenda a khungu, amphamvu kwambiri, oyenera kupakidwa pamalo ochepa kwa masiku owerengeka dokotala atalemba. Akadzoledwa kumaso miyezi ndi miyezi, khungu limapyapyala mpaka timitsempha kuonekera, ziphuphu zimabuka zambiri kuposa zoyamba, tsitsi limamera m'masaya, chipere chimafalikira, ndipo m'mikono ndi m'ntchafu mumang'ambika mizere ikuluikulu imene sidzathanso. Odzola thupi lonse, mankhwalawo amalowa m'magazi n'kukweza shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Khungu lotere silipola msanga likachekedwa, zimene zimavuta kwambiri mayi akachira kudzera pa opaleshoni.

Chachiwiri ndi hydroquinone. Mankhwalawa amaletsa timaselo tija kupanga utoto, ndipo m'manja mwa dokotala ndi othandiza zedi. Koma akadzoledwa kwa zaka munthu akuyenda padzuwa, amatembenuka: masaya amada mobiriwira, n'kumera timibulu tating'ono tokhakhala. Matendawa, otchedwa ochronosis, anawafotokoza bwino G.H. Findlay ndi anzake ku South Africa mu 1975, ataona amayi ambiri odzola mafutawa, ndipo dzikolo linaletsa hydroquinone m'zodzoladzola mu 1990. Côte d'Ivoire inaletsa mafuta oyeretsa otere mu 2015, Rwanda n'kuyamba kuwalanda m'masitolo kumapeto kwa 2018. Chomvetsa chisoni n'chakuti munthu akaona masaya akuda, amaonjezera mafuta omwewo. Ochronosis ndi limodzi mwa mawanga ovuta kwambiri kuchiza, ngakhale kwa akatswiri a zipangizo zonse.

Chachitatu ndi mercury, amene pachikuto amabisala m'mayina ngati calomel kapena mercurous chloride, ndipo nthawi zambiri salembedwa n'komwe. Ameneyu amawononga impso ndi mitsempha ya ubongo, ndipo sathera pa wodzola yekha: amafika kwa mwana wa m'mimba, kwa woyamwa, ndi kwa ena a m'nyumba kudzera m'matawulo ndi zofunda. Mayiko a m'pangano la Minamata anagwirizana mu 2023 kuti pofika 2025 zodzoladzola zonse zothira mercury zithe. Koma pangano silifika palokha pa benchi ya pamsika, ndiye wodziteteza ndinu. Mafuta osakanizidwa kuseri n'kuthiridwa m'kabotolo kopanda dzina, kaya wogulitsa alumbire bwanji pa Facebook kuti ndi achilengedwe, asiyeni.

Achipongwe akaona odzola mafutawa amati nkhope ya Fanta, miyendo ya Kokakola. Chipongwe chimenechi chimachititsa ambiri kubisa kuchipatala zimene akhala akudzola, ndipo dokotala amangoyenda mumdima. Ngati mwadzola kwa miyezi yambiri, nyamulani machubu ndi mabotolo onse mukawaonetse. Musasiye mwadzidzidzi ngati muli steroid, chifukwa nkhope imawotcha, kufiira ndi kutuluka nsungu, mwinanso thupi lonse kufooka, ndipo ambiri amabwerera ku kachubu pa sabata yachiwiri. Kusiya kwake n'kochepetsa pang'onopang'ono moyang'aniridwa. Yembekezerani kuti khungu lidzayamba lada kuposa kale lisanakhazikike. Miyezi imeneyo ndi yowawa, ndipo a m'banja angathandize kwambiri pongotseka pakamwa.

Za kukhitchini nazo si zabwino zonse. Madzi a mandimu akakumana ndi dzuwa amawotcha khungu n'kusiya banga loposa loyambalo. Adyo amatulutsa matuza. Soda, mankhwala otsukira mano, ndi kukhula ndi mwala kapena shuga, zonsezi zimaputa timaselo tomwe tija.

Zimene mungachite panyumba

Sambani kumaso ndi manja okha, kawiri patsiku, ndi sopo wosawawa. Sopo wochapira zovala si wa kumaso. Dzolani mafuta wamba opanda fungo lamphamvu. Ndipo bisani banga ku dzuwa, chifukwa dzuwa limadetsa banga la mtundu uliwonse.

Anthu amaseka akamva zoti munthu wakuda adzole mafuta oteteza ku dzuwa, koma kwa wa melasma amenewa ndiye mankhwala oyamba. Sankhani olembedwa SPF 30 kapena kuposa. Abwino kwambiri kwa ife ndi amene ali ndi mtundu wofiirira chifukwa muli iron oxide, poti amatchinganso kuwala wamba kumene kumadetsa khungu lakuda, komanso sakusiyani otuwa. Finyirani mizere iwiri kutalika kwa zala ziwiri, imeneyo ikwanira nkhope ndi khosi, ndipo bwerezani pakatha maola awiri ngati muli panja. Mafutawa ndi odula, tisanamizane. Amene sangakwanitse asataye mtima: chipewa chotambalala ndi ambulera zimagwira ntchito yaikulu, makamaka kuyambira 10 koloko m'mawa mpaka cha m'ma 3 koloko masana. Duku amateteza mutu, koma masaya amawasiya pamtetete. Wogulitsa pamsika aike benchi pamthunzi, wolima alawirire.

Kuchipatala

Yambirani pachipatala chapafupi, akakutumizani kwa oona za khungu. Zipatala zikuluzikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe zili ndi mbali ya matenda a khungu, ndipo m'zipatala zina za m'maboma muli azachipatala amene anaphunzira ntchitoyi ku Regional Dermatology Training Centre ku Moshi m'dziko la Tanzania. Pitani osadzola kanthu kumaso. Konzekerani kunena pamene banga linayamba, mankhwala onse amene mukumwa, njira ya kulera, ndiponso ngati muli oyembekezera kapena mukuyamwitsa. Malinga ndi zimene waona, dokotala atha kupala khungu pang'ono kuti aone ngati ndi chipere, kuyeza shuga kapena HIV, kapena kudula kachidutswa kuti kakaunikidwe. Kudula kumeneku ambiri amakuopa, koma n'kwa mphindi zochepa, atabaya jakisoni wochititsa dzanzi.

Likapezeka kuti ndi banga lotsalira kapena melasma, mankhwala oyamba ndi odzola. Hydroquinone wa 2 mpaka 4 peresenti amapakidwa usiku pabanga pokhapo, kwa miyezi ngati itatu, kenako n'kupumira. Kusiyana kwake ndi wa pamsika kuli pa mlingo wodziwika, malo ochepa, ndi tsiku losiyira. Pa melasma yamakani pali mafuta ophatikiza atatu, hydroquinone, tretinoin ndi steroid wofatsa, amene amadzoledwa kwa milungu ngati 8. Azelaic acid wa 15 kapena 20 peresenti amachedwerako, koma amathana ndi ziphuphu ndi mawanga nthawi imodzi, ndipo ndi amene amaloledwa kwa mayi woyembekezera. Tretinoin, adapalene ndi hydroquinone, woyembekezera asazikhudze. Niacinamide ndi vitamini C za m'mafuta a m'masitolo zimathandizako pang'ono, koma si zodalira pazokha.

Mankhwala onsewa amatha kuwawa poyamba. Yambani ndi kadontho kochepa usiku umodzi, kudumpha umodzi. Khungu likamawotcha kapena kusupuka, pumirani masiku angapo, chifukwa kupirira ululu pano kumabala banga latsopano. Jambulani chithunzi pamalo amodzimodzi, kuwala kofanana, kamodzi pamwezi. Galasi la tsiku ndi tsiku silionetsa kusintha, ndipo anthu ambiri amasiya mankhwala akugwira ntchito. Musaweruze milungu 8 mpaka 12 isanakwane.

Madokotala ena amapereka mapiritsi a tranexamic acid pa melasma yokana zodzola. Mapiritsiwa ntchito yake yeniyeni n'kuchepetsa kutaya magazi, choncho ndi oopsa kwa amene magazi anawaundanapo m'mitsempha, osuta fodya, oyembekezera ndi omwa mapiritsi a kulera. Si ogula chifukwa mnzanu anamuyanja. Majakisoni ndi madiripi a glutathione amene akutchuka m'matauni, palibe umboni wokwanira wakuti ndi otetezeka kapena kuti zotsatira zake zimakhalitsa.

Zodzola zikalephera, pamabwera zosupula khungu ndi laser, zimene zimapezeka kwambiri m'zipatala zolipira. Posupula, katswiri amapaka asidi monga glycolic kapena salicylic kwa mphindi zochepa kuti khungu lapamwamba lifundule, n'kubwereza pakatha milungu iwiri kapena inayi. Pakhungu lakuda pamafunika zosupula zapamwamba zokha. Zolowa pansi zimasiya zipsera ndi mawanga oposa amene munapita nawo. Laser nayo imasaka utoto, ndipo pakhungu lathu utoto uli paliponse, ndiye makina olakwika amawotcha pabwino pomwe. Mtundu wa Nd:YAG wa 1064 nm ndi umene umatiyanja kwambiri, pamene makina a kuwala otchedwa IPL amawotcha khungu lakuda mosavuta. Ngakhale laser yoyenera, pa melasma ndi njira yomalizira, ndipo zigamba zimabwerera munthu akasiya kudziteteza ku dzuwa.

Musanagone pabedi la aliyense wonyamula asidi kapena makina, funsani ngati ali m'kaundula wa Medical Council of Malawi, kapena bungwe lotere la dziko limene muli. Funsani dzina la asidiyo ndi mphamvu yake, kapena mtundu wa makinawo. Pemphani kuona zithunzi za anthu a khungu lofanana ndi lanu amene anawathandiza, osati za pa intaneti. Ndipo uzani katswiriyo ayambe wayesa kadera kakang'ono kuseri kwa khutu kapena m'mbali mwa chibwano, mudikire milungu iwiri kapena itatu muone mmene khungu layankhira. Akakana kuyesa, kapena akalonjeza kuti zonse zitha ulendo umodzi, nyamulani chikwama chanu muzipita.